Galamafoni Yonjenjemera ya Rahila

Galamafoni inafika ku Linga chakumapeto kwa Juni, chaka cha 1955, mpunga utangokololedwa. Anabwera nayo ndi Yasini, yemwe anachoka ku Halale pa sitima mpaka ku Salima, n'kukwera lole yomwe inatha masiku awiri panjira. Atapuma tsiku limodzi kwawo, anasenza bokosilo n'kupita nalo kwa Rahila, mkazi wa mnzake Swaibu.

Swaibu anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri ku Halale. Anachoka Rahila ali ndi pakati, ndipo mwanayo, Madina, tsopano anali atayamba kale kupita ku madarasa. Zaka zoyamba makalata ankabwera, nthawi zina pamodzi ndi nsalu kapena bulangete. Kenako anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Anthu ankamutchula Swaibu kuti mtchona, koma osati Rahila akumva. Iye ankalima mpunga m'munda womwe anasiya malemu mayi ake, ndipo masana ankakhala pakhonde kusoka makofia amaluwa omwe amuna a kumzikiti ankawalimbirana.

"Alamu, katundu wanu uyu," anatero Yasini akutula bokosi pamphasa. "Amuna anu akuti mumve mawu awo. Masiku ano ndi oimba, ali ndi gulu lawo kukomboni. Mzungu wina anawajambula, mbale yake ndi iyi."

Mbaleyo inali yakuda bii, yokulungidwa m'malaya akale kuti isasweke. Pepala la pakati pake linali lopalikapalika moti sipanatsale chilembo chowerengeka.

Mbiri inawanda msanga. Pofika masana pabwalo panali patadzaza amayi ndi ana, ena akusuzumira pampanda. Yasini anatsegula chivundikiro, anapukusa chogwirira cha m'mbali, n'kutsitsa singano pambale.

Bokosi lonse linayamba kunjenjemera. Mkati munkalira ngati bemberezi wotsekeredwa m'chitini, ndipo kachitini ka singano komwe kanali pakona kanayenda kokha mpaka kugwera pamphasa. Nyimbo inalimo ndithu. Banjo inkamveka chapatali, pamodzi ndi mawu a mwamuna okwera ndi kutsika ngati munthu akuimba ali pangolo mumsewu wamiyala. Rahila anawazindikira. Anali mawu a Swaibu. Koma zomwe ankanena sizinkamveka, kupatula dzina limodzi lomwe linkabwerezedwa.

"Akutchula inu, anzathu," anatero mayi wina. "Akuti Rahila, Rahila."

"Ine ndamva Malita," wina anayankhira kumbuyo.

"Malita ndiye ndani?"

Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Rahila anatembenukira kwa Yasini.

"Alamu, inu munali komweko. Akuti chiyani?"

"Ine makutu anga anatha ndi makina a fodya," anatero Yasini akutola chipewa chake. "Galamafoniyi yavulala ndi msewu. Ndapita, kunyumba kuli alendo."

Rahila anaiimbitsanso kanayi tsiku lomwelo, ndipo anthu anabalalika atagawikana pawiri.

M'mawa mwake kunabwera a Kalilu, amalume ake a Rahila. Iwo ndiwo anamulera mayi ake atamwalira, ndipo ukwati wake anaumanga ndi iwo. Anakhala pampando osalandira ndi madzi omwe.

"Mudzi wonse ukuimba Malita," anatero. "Ine ndakhala chete zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu wakutumizira chipongwe m'bokosi, ukudikiranso chiyani? Tipite kwa a Shehe, alembe kalata, Swaibu akupatse talaka, ukwati uthe. Wogula mpunga uja wabwera kwa ine kawiri kudzafunsa za iwe."

"Amalume, inu mwamva dzinalo?"

"Anthu amva."

"Anthu ena amva langa. Ine sindinamve lililonse. Ukwati wanga sungathe ndi makutu a eni. Mundilole ndiikonze, ndimve ndekha."

"Iwe ukonze galamafoni? Ndi singano yosokera?"

"Ndi chilichonse chomwe ndipeze."

A Kalilu anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwanayu ankamudziwa kuyambira ali wamng'ono, akati toto ndi toto.

"Idi ya nsembe ikangopita ndikupita kwa a Shehe, bokosi lako lilankhule kapena lisalankhule."

Chikondwerero cha Idicho chinali chitatsala milungu isanu.

Kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Mohamedi, omwe aliyense ankangowatchula kuti a Fundi. Paunyamata wawo anagwira ntchito zaka makumi awiri m'chipinda cha injini pa sitima ya panyanja. Atakalamba anayamba kukonza njinga, nyali ndi mapulaimasi. Koma ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, moti zing'onozing'ono anali atasiya kulandira. Rahila anawapeza akumata chubu mongopapasa.

"Salamu aleikumu, a Fundi."

"Aleikumu salamu. Mawuwa ndi a mwana wa malemu Laila. Watula chiyani cholemera chonchi?"

Rahila anawafotokozera zonse, osabisa ngakhale za dzina lija. A Mohamedi anapukuta manja, n'kumuuza kuti apukuse koma asaike mbale. Anagoneka chikhatho pathabwa la pamwamba. Kenako anatenga ndodo yansungwi, mbali ina anaigunditsa pathabwa, ina kukhutu kwawo.

"Tenga kambale kako ka tiyi, uthiremo madzi, ukhazike apa. Ukuona chiyani?"

"Madzi akuvina."

"Ndiye matenda ake amenewo. Mota ikunjenjemera, thabwa likulandira, mbale ikulandira, singano nayo ikulandira. Mawu a mwamuna wako akudutsa m'chivomezi. Tsiku lomwe madziwa adzakhale bata galamafoni ikuyenda, udzamva. Koma ine maso ndilibe, mwana wanga. Timasikuluwu ta umu sindingatione."

"Maso ndili nawo ine. Inu muzingondiuza."

A Mohamedi anamupempha manja, anapapasa nsonga za zala zake zomwe zinali zolimba ndi singano, n'kuseka.

"Chabwino. Lamulo loyamba, mbale ija usaiimbitsenso. Singano yobuntha pa mota yodwala ikudya mawu. Mukapitiriza, ngakhale tikonze mudzapeza mulibe kanthu."

Kuyambira tsiku limenelo Rahila ankafika pamtengo wa mango m'mawa uliwonse akamaliza zapakhomo. Anayala chitenje choyera pansi kuti kanthu kakagwa kaoneke. Anamasula masikuluwu, natukula thabwa, mota ili lende kunsi kwake. Munali fumbi lofiira la msewu wa ku Salima litasakanikirana ndi gilisi wakale wouma ngati phula.

"Chibokosi chozungulira icho usachitsegule," anachenjeza a Mohamedi. "Muli sipuling'i yaikulu. Ikafwanthuka imadula zala. Zina zonse tsuka."

Masiku atatu anatha Rahila akutsuka mano a magiya ndi palafini ndi nthenga ya nkhuku, dzino limodzilimodzi. Amuna obwera ndi njinga zawo ankaima n'kumaonerera. Wina anafunsa ngati a Fundi alemba ntchito mkazi. Rahila sanadzutse mutu. Atamaliza anadontheza mafuta a makina osokera paliponse pomwe a Mohamedi analoza ndi chala.

Kulira kwa bemberezi kunachepa, koma madzi ankavinabe.

"Papasa pomwe mota yagwirana ndi thabwa," anatero a Mohamedi. "Pali chiyani?"

"Pali tinthu takuda tophwanyika. Tikufumbutuka ngati makala."

"Inali mphira imeneyo. Pa sitima injini sitinkaikhazika pachitsulo chokhachokha, bwenzi mano a anthu onse ataguluka. Pakati pamafunika chofewa choti chizimeza kunjenjemerako."

Anamupatsa chubu chakale cha njinga. Rahila anadula timawilo ndi lumo lake losokera, n'kuboola pakati ndi msomali wamoto. Poyamba anaika kamodzikamodzi pa sikuluwu iliyonse, sizinathandize. Anaika tiwiritiwiri, pamwamba ndi pansi pa thabwa, n'kumanga mwamphamvu. Madzi anavina kuposa kale.

"Wafinya kwambiri. Mphira ukaifinya imasanduka mwala. Bweza pang'ono."

Anabweza theka, nayang'ana madzi. Anabwezanso pang'ono. Mafunde a m'kambale anachepa mpaka kutsala timizere tating'ono tonthunthumira m'mphepete. Rahila anawomba m'manja kamodzi.

"Usafulumire," anatero a Mohamedi ndodo ili kukhutu. "Mukugunda kanthu. Gu, gu, gu. Yang'ana kumbali, pali kamtengo kachitsulo kokhala ndi timipira titatu."

"Ndakaona."

"Ameneyo azungu amati gavanala, ngati Bwanamkubwa wa ku Zomba. Ntchito yake n'kuletsa mota kuthamanga. Timipirato tikamazungulira tiyenera kutanuka mofanana. Kamodzi kakapotoka, dziko lonse limagwedezeka."

Rahila anayandikitsa maso. Kampira kalikonse kanali pa kachitsulo kopyapyala ngati tsamba la udzu. Tiwiri tinali towongoka. Kachitatu kanali kopindika, kali ndi mng'alu pafupi ndi sikuluwu.

Apa ndi pomwe ntchito inavuta. M'masitolo a amwenye munalibe chotere. A Mohamedi anafukula wotchi yakufa m'bokosi lawo, ndipo Rahila anatha masiku anayi akudula sipuling'i yake ndi tupa, kuinola pamwala, ndi kuiboola. Ziwiri zinathyoka poboola. Yachitatu inalowa bwino. Anapukusa, namasula buleki. Mota inayenda bwino kanthawi kochepa, kenako kunamveka kuti thwa! Kampira kanauluka n'kukagwera m'mulu wa masipoko, ndipo mota inathamanga mopenga mpaka a Mohamedi anaigwira ndi chiguduli. Kachitsulo katsopano kanali katathyoka, n'kupindanso kena mwa tiwiri tabwino tija.

Rahila anatola kampira kaja m'mulu wa masipoko. Milungu iwiri ndi theka inali itapita, ndipo galamafoni inali yoipa kuposa mmene inabwerera.

"Cholakwa ndi changa," anatero a Mohamedi. "Chitsulo cha wotchi n'chouma kwambiri. Pamafunika gavanala wina wathunthu."

"Apezeka kuti?"

"M'galamafoni ina yakufa. Zaka zapitazo msodzi wina wa ku Chia, dzina lake Zaidi, anabwera nayo kuno itaduka sipuling'i yaikulu. Ndinalephera. Inali ya mtundu womwewu, ndikukumbuka chogwirira chake. Kaya akali nayo, kaya anataya."

Tsiku lomwelo a Kalilu anamupeza Rahila kunyumba akuchapa manja akuda ndi gilisi.

"Ndamva kuti yaphulika," anatero. "Mpunga wako sunapunthe, makofia a anthu a pa Idi sunasoke. Ukudzichititsa manyazi pamsika chifukwa cha munthu yemwe sakukuganiza n'komwe."

"Mawa ndikupita ku Chia, amalume. Madina agona kwanu."

"Ku Chia! Wapansi?"

"Miyendo ndili nayo."

Rahila ananyamuka itangotha swala, pemphero la m'mawa, atamanga m'kansalu chinangwa chophika, sikuludalaiva ya a Mohamedi, ndi kofia imodzi yomwe anaisoka mwezi wathunthu, ya ulusi wagolide. Mwera unkawomba mozizira. Anadutsa minda ya mpunga yomwe munali mutatsala ziputu zokhazokha, nawoloka timitsinje tiwiri madzi ali m'mawondo. Dzuwa lili pamutu anafika pamudzi wa asodzi m'mphepete mwa Chia, mapazi atatupa.

Zaidi anamupeza pansi pa chisakasa akusoka ukonde ndi anzake atatu. Anali munthu wamfupi, wandevu zaimvi, wokonda kuseka. Galamafoni anali akali nayo. Ankasungiramo mbedza ndi ulusi.

"Mayi, mwayenda ulendo wonsewu chifukwa cha bokosi la mbedza?"

"Bokosi likhale lanu, bambo. Ine ndikufuna kachitsulo kamodzi ka mkati."

"Ndiye simuona kuti ndikadzapeza sipuling'i idzasowa kachitsuloko?"

"Yakhala zaka zingati osaimba?"

Anzake aja anaseka. Mmodzi anati kuyambira chaka cha njala. Zaidi anakanda mutu n'kunena kuti chinthu chake ndi chake, sagulitsa. Rahila anamasula kansalu, natulutsa kofia, n'kuiika pa ukonde. Zaidi anapukuta manja pamalaya, anaitola, anaitembenuza padzuwa, n'kuivala. Inamukwana ngati anachita kumuyeza.

"Idi ili pafupi," anatero mmodzi wa anzake. "Ukalowa nayo mumzikiti imeneyo anthu adzakupatsa malo kutsogolo."

"Tengani," anatero Zaidi. "Koma wochotsa ndani? Kuno kulibe fundi."

Rahila anakhuthula mbedza pamchenga, anayala nsalu yake, namasula thabwa. Asodzi anasiya maukonde n'kumuzungulira. Gavanala analimo, wadzimbiri pang'ono, koma tizitsulo take tonse titatu tili towongoka. Anamuchotsa mosamala n'kumukulunga m'thonje. Pansi pa bokosi anapezamo mbale yakale yong'aluka m'mphepete, ya nyimbo za asilikali, ndipo Zaidi anati atenge ndi imeneyo. Rahila anagona kwa mkazi wa Zaidi, n'kubwerera m'mawa mwake.

Gavanala watsopano analowa, koma anatenga masiku kuti akhazikike. Akamumanga kwambiri mota inkalemedwa, akamumasula ankagogoda. A Mohamedi ankamvetsera ndi ndodo yawo n'kumati, "Pang'ono. Pang'ononso. Wapitirira, bwerera." Kachikopa komwe kamakhudza gavanala kuti asathamange kanali katauma, ndiye anadula kachidutswa ka chisoti chawo chakale chofiira, Rahila n'kukanyowetsa ndi mafuta. Lachiwiri la mlungu wachinayi anakhazika kambale pathabwa, namasula buleki.

"Bwanji?" anafunsa a Mohamedi.

"Madzi ali phee. Ndikuona masamba a mango mkati."

"Alihamudulilahi. Ika ya asilikali ija."

Malipenga anamveka osakwera ndi kutsika, koma paliponse pomwe ankakweza, mawu ankasweka ngati akutulukira m'chitini chobooka. Rahila anagwa mphwayi.

"Mota yachira," anatero a Mohamedi. "Tsopano ndi mutu. Masula pomwe pamalowa singanopo."

Mkati mwa mutuwo munali kachitsulo kopyapyala kozungulira, konga chikopa cha ng'oma, kogwidwa ndi timphira tiwiri. Timphirato tinali titauma n'kusweka, moti kachitsuloko kankagwedera. A Mohamedi anatulutsa mphira yopyapyala ya valuvu ya njinga. Rahila anaiyeza mozungulira, anaidula, nailowetsa ndi nsonga ya singano yosokera, akugwira mpweya kuopa kuboola. Pakati, pomwe kamtengo ka singano kamalumikizana ndi kachitsulo, anadonthezapo phula la njuchi losungunula. Polumikizira mutu ndi mkono anakulungapo ulusi wopaka mafuta kuti mpweya usathawe.

Singano za m'kachitini zonse zinali zobuntha, zogwiritsidwa kale ntchito ku Halale. Zatsopano kusitolo zinali zitatha. A Mohamedi anamutuma kukathyola minga youma ya mthethe, naisongola pa kamwala.

"Munga sukweza mawu ngati chitsulo, koma sudya mbale, ndipo sunama."

Pomaliza anadzaza thumba laling'ono ndi mchenga wa kunyanja, analisalaza, n'kukhazikapo galamafoni. Malipenga a asilikali anatuluka oyera, mpaka ng'oma yaing'ono yomwe poyamba sinkamveka n'komwe. Munthu wina wodutsa ndi dengu la usipa anaima n'kuyang'ana uku ndi uku.

Linali Lachinayi, chakum'mawa, Idi itatsala masiku awiri okha. Rahila anamasula malaya akale aja natulutsa mbale ya Swaibu. A Mohamedi anadzuka n'kupapasa ndodo yawo yoyendera.

"Ndikaone munthu wina kumsika," anatero.

"Khalani, a Fundi. Ntchitoyi tagwira awiri."

"Ntchito tagwira awiri, koma nyimboyi ndi yako."

Atapita, Rahila anaika munga watsopano, anapukusa mpaka chogwirira chitalimba, natsitsa mutu pang'onopang'ono. Banjo inayamba. Kenako Swaibu anatsokomola pang'ono, monga ankachitira asanalankhule, ndipo anali ngati wakhala pomwepo pamphasa.

*Malita, Malita, tsegula chitseko,*
*Ndabwera ndi shuga wa mwana.*
*Kunyanja n'kutali, maso anaiwala,*
*Kwathu ndi kuno, Malita.*

Panalibe chokayikitsa. Liwu lililonse linkamveka, mpaka kupuma kwake. Ankaimba bwino, bwino kuposa mmene ankaimbira pokolola mpunga. Rahila anamvetsera mpaka munga unafika pakati. Anasongola wina, napukusanso, namvetsera kachiwiri. Misozi inatsika, anaipukuta ndi mpango, koma sanaimitse mbale. Itatha anatseka chivundikiro, anasenza galamafoni pamutu, thumba la mchenga m'manja, n'kulunjika kwa Yasini.

Anamupeza akufolera nkhokwe. Rahila sanapereke moni wautali. Anasalaza thumba pakhonde, naimbitsa nyimboyo. Yasini anatsika pamakwerero pang'onopang'ono.

"Makutu anu achira, alamu?"

"Nyimbo ndi nyimbo chabe, alamu. Oimba amangotola dzina lililonse."

"Mwandinamiza kamodzi. Musandinamize kawiri pakhomo panu. Malita ndani?"

Yasini anakhala pansi, nayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndi wa ku Mulanje. Wakhala naye zaka zinayi tsopano. Ali ndi mwana wamwamuna, wina ali panjira."

"Ndiye ananditumizira mbaleyi kuti nditani nayo?"

"Iye sanaganize zimenezo. Anangonyada kuti mawu ake ali m'mbale, ankafuna kuti kwawo amve. Ndinamuuza kuti asatumize imeneyi, anati Rahila sasamala za nyimbo. Dzinalo linalembedwa papepala la pakati. Ndinalipala ndine ndi mpeni tili ku Salima. Nditamva kuti galamafoni yawonongeka ndinathokoza Mulungu."

"Adzabwera?"

Yasini anapukusa mutu.

"Mukanandiuza tsiku lomwe lija bwenzi ndisanapite ku Chia wapansi," anatero Rahila. "Muli ndi pepala? Inu mumadziwa kulemba. Tiyeni kwa amalume."

A Kalilu anali pakhonde akukambirana ndi munthu za mbuzi ya nsembe. Ataona nkhope ya Rahila anamuuza munthuyo kuti abwere mawa.

"Ndamva ndekha, amalume. Akuti Malita. Idi ikapita tipite kwa a Shehe."

A Kalilu anapumira m'mwamba. Sananene kuti ndinakuuza.

"Pepa, mwana wanga. Koma Mulungu satseka makomo onse. Wogula mpunga uja ndimuyankhe kuti..."

"Mumuyankhe kuti ayi."

"Iwe, ukhala bwanji wekha?"

"Monga ndakhalira zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinati ukwati uwu ndiuthetsa ndikamva ndekha, ndamva. Winawo ndidzaulowa ndikadzafuna ndekha. Munthu uja ali ndi akazi awiri kale, akungofuna munda wa amayi."

A Kalilu anakalipa, anatchula malemu mlongo wawo, anatchula manyazi a mtundu. Rahila anangokhala mwaulemu, miyendo atapinda, mpaka anatopa okha. Kenako Rahila anauza Yasini zoti alembe, kuti a Shehe akadzalemba yawo makalata adzapitire limodzi. Kalata yakeyo inali yaifupi. Inati galamafoni inafika, inali yowonongeka, yakonzedwa. Nyimbo yamveka bwino lomwe. Madina ali bwino, wayamba kuwerenga Kurani. Swaibu atumize talaka, asachedwe.

"Ndilembe kuti mwakhumudwa?" anafunsa Yasini.

"Lembani zomwe ndanenazo basi."

Yankho linafika mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Munali talaka, ndi mawu ochepa opepesa omwe Rahila anapempha kuti amuwerengere kamodzi kokha. Za galamafoni Swaibu sanafunse. A Kalilu anakhala miyezi iwiri osaponda pakhomo pake, kenako tsiku lina anangofika ndi chambo ziwiri ngati palibe chinachitika. Wogula mpunga anakwatira kwina.

Panthawiyo n'kuti mbiri itafika kale kwa Mwadzama ndi kwa Malenga Chanzi kuti pamtengo wa mango pakuchira magalamafoni. Ambiri obwera kuchokera ku Joni ndi ku Halale anali nawo m'nyumba, ena atawonongeka kalekale. Ankabwera nawo pa njinga, ena pamutu. A Mohamedi ankamvetsera ndi ndodo yawo n'kutchula matenda, Rahila n'kumasula. Anagwirizana kuti azibwera Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku ena akhale a kumunda ndi makofia. Ina ankailephera, makamaka yoduka sipuling'i yaikulu, mpaka a Mohamedi anamuphunzitsa kuitulutsa atakulunga manja m'chiguduli. Ya kalaliki wina wa kuboma inamutengera masiku anayi, chifukwa mkati mwa lipenga lake mavu anali atamangamo nyumba.